Magulu okha sakwanira m'sukulu zathu za sekondale

A Mkonzi,

Tiloleni malo m'nyuzipepala yanu kuti tiikepo mlomo pa nkhani imene imamveka kwambiri m'misonkhano ya aphunzitsi koma sioneka kwenikweni m'kalasi, yoti mwana wa ku sekondale azigwira yekha ntchito yophunzira, asamangokhala wokopera notsi za pa bolodi.

Mfundoyi si yachilendo kuno kwathu. Silabasi ya ku sekondale imene inayamba kuphunzitsidwa mu Fomu 1 m'chaka cha 2015 imafuna kuti ophunzira azifufuza, aziyesa ndi kufotokoza okha. Pulogalamu ya SMASSE, imene inayambira ku Kenya mu 1998 n'kufika kuno mu 2004 ndi thandizo la bungwe la JICA la ku Japan, yakhala ikuphunzitsa aphunzitsi a Masamu ndi Sayansi kuti ana azigwira zinthu ndi manja ndiponso kuti mphunzitsi azipanga zipangizo kuchokera ku zimene zili pafupi. Unduna wa Zamaphunziro unauzanso sukulu kuti zikhale ndi ma study circle, timagulu ta ophunzira towerengera limodzi. Zonsezi n'zabwino ndipo timazivomereza. Koma chimene chimafika m'kalasi nthawi zambiri ndi lamulo lalifupi loti, "Khalani m'magulu mukambirane."

Zikatero ana 60 amakoka madesiki, gulu lililonse ana 10 kapena 12, buku limodzi pakati. Mmodzi amene Chingerezi chimamuyendera amawerenga ndi kulemba, awiri amamuthandiza, otsalawo akudikira belu. Kenaka mlembi wa gulu amapita kutsogolo kukawerenga zimene akopera m'buku, anzake n'kumuombera m'manja. Mlendo akasuzumira pawindo amaona kalasi yotakataka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: mwa ana 12 aja, 9 atuluka monga analowera, ndipo zimadzaululika pa mayeso a JCE kapena a MSCE pamene aliyense wakhala yekha ndi pepala lake.

Maganizo athu ndi akuti sukulu imene ikufunadi njira imeneyi iikhazikitse ngati pulogalamu yoima payokha m'kati mwa sukulu yomweyo. Ikhale ndi ntchito yolembedwa papepala, nthawi yake pa thayimutebulo, ndi mphunzitsi wotsatira mwana aliyense ndi dzina lake. Silabasi ndi yomweyo, yunifolomu ndi yomweyo, mayeso a MANEB ndi omwewo. Chosintha ndi kayendetsedwe ka ntchito basi.

Zimenezi zinayesedwa kale kwina. Mu 1920, mphunzitsi wina wa ku America, mayi Helen Parkhurst, anaziyambitsa pa sukulu ya sekondale ya m'tauni ya Dalton ku Massachusetts, n'chifukwa chake njirayi imatchedwa Dalton Plan. Inali ndi mizati itatu. Woyamba, mwana amalandira ntchito yolembedwa ya nthawi yaitali, imene amalonjeza kuti aitsiriza. Wachiwiri, pamakhala maola amene mwana amasankha yekha ntchito yoyambira, mphunzitsi ali pomwepo kuti afunsidwe. Wachitatu, mwana aliyense amakhala m'kagulu kochepa ka mphunzitsi mmodzi womuyang'anira. Ku Netherlands kuli sukulu zambiri zimene zikutsatabe njirayi mpaka lero. Ku Soviet Union anaitenganso m'zaka za m'ma 1920, koma anaisintha kuti malikisi azipita kwa gulu lonse, osati kwa mwana payekha. Ochepa ankagwira ntchito, ambiri n'kumangokwera nawo, ndipo boma linaithetsa mu 1932. Cholakwa chawocho ndi chomwe tikuchita m'makalasi mwathu lero.

Nanga pa sekondale yoyendera ya m'dera (CDSS) ya ana 60 m'kalasi ndi mabuku 12, zingayende bwanji?

Muyambe ndi kalasi imodzi ndi maphunziro atatu okha. Kalasiyo ikhale Fomu 1 kapena Fomu 3. Fomu 2 ndi Fomu 4 zisiyeni kaye, chifukwa ana a mayeso ndi makolo awo sangalole kuyeserera pa iwo, ndipo sakulakwa. Sukulu ikakhala ya masitirimu awiri kapena atatu, sitirimu imodzi ilowe mu pulogalamuyi, inayo ipitirize monga mwa masiku onse. Apa pali msampha umene tikuchenjeza mwamphamvu: musasankhe ana anzeru okhaokha, komanso musasandutse kalasiyi dzala lotayirako ana ovuta ndi obwereza. Mukasankha anzeru okha, zotsatira zabwino sizikuuzani kanthu za njirayo. Mukatayirako ofooka okha, dzina la kalasiyo liipa sabata yoyamba yomwe ndipo palibe kholo lidzafune kuti mwana wake alowemo. Ana asakanizidwe monga amagawidwira chaka chilichonse, anyamata ndi atsikana molingana.

Sabata yoyamba si yophunzitsa, ndi yofufuza pamene mwana aliyense ali. Aliyense awerenge mokweza ndime ya Chingerezi ya mawu pafupifupi 150 yochokera m'buku la kalasi yakeyo, ayankhe mafunso asanu pa zimene wawerenga, kenaka alembe masamu 10 a kuchulukitsa, kugawa, mafulakishoni ndi maperesenti. Aphunzitsi anayi akagawana ana 60, aliyense 15, kuwerengako kumatha m'mapiriyodi awiri. Gawo limeneli ambiri amalilumpha, koma ndi limene limapha kapena kupulumutsa pulogalamu yonse. Njira ya ntchito yolembedwa imadalira kuwerenga. Mwana amene wafika ku sekondale akuvutikabe kumva Chingerezi cha m'buku, mukangomupatsa pepala n'kumuuza kuti adzithandize, mwamutaya kuposa mmene bolodi ikanamutayira. Ana oterewa akhale ndi mphindi 20 zowerenga ndi mphunzitsi kumayambiriro kwa nthawi iliyonse ya ntchito kwa teremu yonse yoyamba.

Nthawi ya ntchitoyo ilembedwe pa thayimutebulo, ndipo ikhale m'mawa. Tiyerekeze kuti phunziro lili ndi mapiriyodi 6 a mphindi 40 pa sabata. Atatu atsale m'manja mwa mphunzitsi kuti aphunzitse kalasi yonse monga kale, atatu apite ku nthawi ya ntchito. Maphunziro atatu apereka mapiriyodi 9 pa sabata. Muwaike awiriawiri kuti pakhale mphindi 80 zotsatizana, chifukwa mphindi 40 zimathera kukoka madesiki ndi kugawa mabuku; piriyodi yotsalayo ikhale ya mayeso aafupi. Chifukwa chokanira masana n'chodziwika kwa aliyense amene anaphunzitsapo pa sukulu yoyendera. Ana ambiri amachokera kutali, sanadye kanthu chichokereni kunyumba, atsikana akudikiridwa kumjigo ndi kukhitchini, ndipo pa sukulu zambiri zipinda zimakhala zitatengedwa ndi ophunzira a open. Ma study circle ambiri amafera pomwepa. Chimene chaikidwa belu lomaliza litalira, ana amachitenga ngati chosakakamiza, aphunzitsi ngati ntchito yopanda malipiro.

Mtima wa pulogalamuyi ndi pepala la ntchito, ndipo apa tikufuna tikhalitsepo. Pepala limodzi lizikwanira masabata awiri. Mwezi wathunthu ndi wautali kwa mwana wa Fomu 1, amazengereza mpaka masiku atatu omaliza. Sabata imodzi ndi yochepa, mphunzitsi atopa ndi kulemba. Pamwamba pa pepalalo pakhale funso limodzi limene mwana angalimve ngakhale asanaphunzire mutuwo. Pansi pake palembedwe zinthu zitatu kapena zinayi zimene mwanayo azitha kuchita akamaliza, zotengedwa mu silabasi koma m'mawu osavuta. Kenaka dzina la buku ndi masamba ake enieni, osati kungoti "werengani mutu 4". Kenaka ntchito zake, iliyonse ndi mphindi zimene ikuyembekezeka kutenga ndiponso chizindikiro chosonyeza ngati ndi ya munthu payekha, ya awiri kapena ya gulu. Pomalizira tsiku la mayeso aafupi. Mawu ovuta a Chingerezi, asanu kapena asanu ndi atatu, aikidwe m'kabokosi pambali ndi matanthauzo ake, ndipo sitiona cholakwa kuwamasulira m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao malinga ndi dera. Ana akambirane m'chinenero chimene akumva, koma zolemba zonse zikhale m'Chingerezi popeza ndimo adzalembere mayeso.

Ntchitozo zikhale m'magawo atatu. Gawo loyamba ndi la aliyense, ndipo ndilo limakwaniritsa silabasi. Lachiwiri ndi la amene amaliza loyamba. Lachitatu ndi lovutirapo, la mwana wofuna mapointi 1 kapena 2 pa MSCE. Musalembe mayina a ana pa magawowa ayi. Mwana azikwera yekha, ndipo kawirikawiri amene mumamuyesa wofooka pa Masamu amakudabwitsani pa Zaulimi.

Chitsanzo ndi ichi, cha Zaulimi chophatikiza ndi Masamu. Funso la pamwamba: "Mbewu ya chimanga imene yasungidwa kunyumba, tingadziwe bwanji ngati imera tisanaibzale?" Gawo loyamba, gulu lililonse liwerenge njere 100, liziyale mizere 10 ya njere 10 pa chiguduli chonyowa, lichikulunge, lichiike pamthunzi, lizichiwaza madzi tsiku lililonse, n'kudzawerenga zomera pa tsiku la 7. Mwana aliyense alembe yekha m'kope mwake chiwerengerocho ndi peresenti yake. Gawo lachiwiri, apeze kuchuluka kwa mapando pa hekitala imodzi ngati mizere yatalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, njere imodzi pa phando, monga alangizi a zaulimi amaphunzitsira. Yankho ndi 53,333, ndipo mwana amene walipeza yekha pogawa 10,000 ndi 0.1875 sadzaiwalanso kusintha masentimita kukhala mamita. Gawo lachitatu, munda wa mamita 40 m'litali ndi 30 m'lifupi, mbewu yake yamera 80 pa 100 iliyonse: ndi mapando angati adzafune kupakiza? Mundawo uli ndi mapando 6,400, ndiye opanda mbewu ndi 1,280. Zolakwika pa ntchitoyi n'zodziwikiratu ndipo pepala liyenera kuzitchula. Chiguduli chikanyowa mpaka kudontha, njere zimaola chifukwa chosowa mpweya. Chikauma Loweruka ndi Lamlungu, zophuka zimafa, choncho pasankhidwe mwana wokhala pafupi wodzawaza madzi. Makoswe ndi nkhuku amadya njere zonse usiku umodzi ngati chiguduli chaikidwa pansi. Mbewu ya m'sitolo yopakidwa utoto ili ndi mankhwala, ana asambe m'manja ndi sopo akaigwira.

Kemisitile nayo siyenera kudikira labotale. Pa mutu wa ma acid ndi ma base, wiritsani chidede chodzaza dzanja m'kapu imodzi ya madzi kwa mphindi zisanu, sefani, kenaka sungunulani ndi madzi ena mpaka mtundu upepuke. Mukathira madzi a mandimu amafiira kwambiri. Mukathira chidulo, chomwe amayi amaphikira therere chija, amasanduka obiriwira. Chimene chimalepheretsa ambiri n'kusiya madzi a chidedewo ali okhathamira: mtundu umakhala wakuda kwambiri moti kusintha sikuoneka. Gwiritsani ntchito mabotolo oyera apulasitiki odulidwa pakati ndipo muike pepala loyera kumbuyo. Palembedwenso m'zilembo zikuluzikulu kuti palibe kulawa chilichonse.

Ena adzafunsa za mapepala. Teremu ya masabata 12 ikufuna mapepala a ntchito 6 pa phunziro lililonse. Ana awiri akamagwiritsa ntchito pepala limodzi losindikizidwa mbali zonse ziwiri, ndiye mapepala 30 kuchulukitsa ndi 6, kuchulukitsanso ndi maphunziro atatu, akwana 540, kuposa pang'ono rimu imodzi ya mapepala 500. Mukaonjezapo a mayeso aafupi, marimu awiri akukwanirani pa teremu. Ana asalembepo kanthu pa mapepalawa. Azitoleredwa ndi kusungidwa m'faelo kuti adzagwirenso ntchito chaka chamawa. Kumene kulibe magetsi kapena fotokope, lembani ndi maka kuseri kwa makalendala akale n'kukhoma pakhoma makope anayi, ngodya iliyonse imodzi, kuti ana asaunjikane malo amodzi. Mwana wachialubino kapena wina aliyense wovutika kuona apatsidwe lakelake la zilembo zazikulu.

Magulu akhale a ana asanu, osapitirira. Ana 60 apanga magulu 12, ndipo ngati mabuku alipo 12, gulu lililonse lili ndi lake. Akachepa kuposa apo, gawani kalasi patatu: ena ali pa mabuku, ena pa zoyesayesa, ena akulemba, n'kumasinthana pakatha mphindi 25. Gulu lisinthidwe pakatha mapepala atatu a ntchito kuti pasakhale mwana wozolowera kutsamira mnzake yemweyo. Lamulo limene sitingalisinthe ndi ili: gulu silipatsidwa malikisi. Gulu ndi lothandizana, koma chilichonse chochongedwa chichokere m'kope la mwana payekha. Pofunsa zimene gulu lapeza, mphunzitsi asafunse mtsogoleri wake. Ana a m'gulu akhale ndi manambala 1 mpaka 5, mphunzitsi atchule nambala imene wafuna, woyankha akhale ameneyo. Ana akadziwa kuti aliyense angagwidwe, wanzeru uja amayamba kuonetsetsa kuti anzake amva, m'malo mongowalembera. Yang'aniraninso kuti atsikana asamangopatsidwa ntchito yolemba ndi kutsuka mabotolo anyamata akugwira zoyezera.

Pa nthawi ya ntchito mphunzitsi sapita ku sitafu, sakhalanso pa tebulo kuchonga makope a kalasi ina. Mphindi zisanu zoyamba mwana aliyense alembe m'kope ntchito imene aichite lero. Mphunzitsi ayambe ndi ana ovutika kuwerenga aja, kenaka azizungulira. Wofuna thandizo alembe dzina lake pakona ya bolodi, mphunzitsi azitsata mndandandawo. Popanda zimenezi ana olimba mtima atatu amamutenga mphunzitsi mphindi 80 zonse. Mwana asanalembe dzina ayambe wayang'ana m'buku ndi kufunsa a m'gulu lake. Mayina asanu kapena kuposa akalembedwa chifukwa cha funso limodzi, imitsani kalasi, fotokozani pa bolodi kwa mphindi zosapitirira 10, n'kuwabwezera ku ntchito. Chovuta kwambiri kwa ife aphunzitsi ndi kugwira lilime. Tinazolowera kuti mwana akafunsa timupatse yankho. Pano timufunse pamene wafika, chimene wayesa, ndi mzere wa m'buku umene wamusokoneza.

Pakhoma pakhale tchati cha mayina a ana onse ndi manambala a ntchito. Mwana akamaliza ntchito, mphunzitsi akaiona, aikepo chizindikiro. Tchaticho chisonyeze zomalizidwa zokha, malikisi ayi, kuti chisasanduke chochititsa manyazi. Phindu lake n'lakuti Lachisanu la sabata yoyamba mphunzitsi amaona ndi diso limodzi ana amene sanafike theka, n'kuwafikira nthawi ikadalipo.

Kukopera kulipo ndipo kudzakhalapo. Mankhwala ake ndi mayeso aafupi a kumapeto kwa masabata awiri: mafunso 10, mphindi 20, aliyense payekha, madesiki atabwezedwa m'mizere. Mafunso 8 akhale a mayankho aafupi oti ana asinthane makope n'kuchongerana pomwepo, awiri akhale ofotokoza oti achonge mphunzitsi. Pa mphindi ziwiri kope lililonse, makope 60 ndi maola awiri pa masabata awiri, ntchito yotheka. Wopeza 7 kapena kuposa apitirire. Wochepera apo akhale ndi mphunzitsi pa nthawi ya ntchito yotsatira, abwereze pamene panavuta, alembenso mayeso ena a mafunso osiyana koma ofanana kulemera. Choncho mayeso aliwonse akonzedwe awiriawiri kuyambira pachiyambi. Opitirira theka la kalasi akalephera, vuto si ana. Pepala la ntchito linalembedwa molakwika kapena mutuwo umafunika kuphunzitsidwa pa bolodi kaye. Ndipo tinene poyera kuti ilipo mitu yotero. Chiyambi cha aljebra, kulinganiza ma equation a Kemisitile, mole (muyeso wa kuchuluka kwa zinthu mu Kemisitile), malamulo a galamala: izi mphunzitsi ayambe waima kutsogolo n'kufotokoza bwinobwino. Mapiriyodi atatu aja tinawasiyira zimenezi. Amene amati njira yatsopano ikutanthauza kuti mphunzitsi asagwirenso choko akusocheretsa anthu.

Mzati wachitatu, wa mphunzitsi mlangizi, ndi umene umasiyidwa msanga chifukwa suoneka pa mayeso, koma ndi umene umasunga ana pa sukulu. Ana 15 akhale ndi mlangizi mmodzi, wokumana ndi aliyense mphindi 10 pa masabata awiri. Zonse pamodzi ndi mphindi 150, pafupifupi mapiriyodi awiri pa sabata, ndipo ahedi awawerengere pa katundu wa mphunzitsiyo monga amawerengera mapiriyodi ena onse. Mafunso ake ndi atatu: wamaliza ziti, wakakamira pati, uchita chiyani tisanakumanenso. Zilembedwe kumapeto kwa kope la mwanayo, onse awiri asayine. Kukumanaku kuchitikire poonekera, pakhonde kapena pansi pa mtengo, nthawi ya sukulu, osati m'chipinda chotseka kapena kunyumba kwa mphunzitsi. Mtsikana akhale ndi ufulu wopempha mlangizi wamkazi, ndipo kumene aphunzitsi aakazi kulibe, amayi a mother group athandize. Izi zimateteza mwana, zimatetezanso mphunzitsi.

Pali ana amene njirayi imawakomera kuposa onse, ndipo ndi amene amatikhudza mtima kwambiri. Kuyambira mu 1993 dziko lino limalola mtsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba kuti abwerere. Kubwerera amabwerera, koma mwana wake akadwala sabata imodzi, amapeza kalasi yapita patsogolo ndipo palibe chomuuza zimene zamudutsa kupatula notsi za mnzake. Chimodzimodzi mnyamata amene wajomba pothamangira ganyu miyezi ya njala, kapena ana a kutsidya kwa mtsinje wosefukira m'nyengo ya mvula. Pepala la ntchito limamuuza masamba oti awerenge, ntchito zoti achite ndi tsiku la mayeso. Atha kulikopera n'kupita nalo kunyumba. Mlangizi wake amadziwa tsiku lachitatu lomwe kuti sakuoneka, osati kumapeto kwa teremu.

Tsopano zimene zimagwetsa mapulogalamu oterewa, zomwe kawirikawiri sizichokera kwa ana.

Choyamba ndi kulemba mapepala a ntchito. Pepala labwino limadya maola atatu kapena anayi, ndipo mphunzitsi wa mapiriyodi 30 pa sabata sangalembe usiku uliwonse. Mapepalawa ayenera kulembedwa pa holide, mapepala atatu oyambirira a phunziro lililonse akhale okonzeka sukulu isanatsegulidwe. Sukulu za mu kilasita imodzi zigawane mitu: iyi ilembe ya Bayoloje, iyo ya Masamu, n'kusinthana. Mapepalawo asungidwe kwa mkulu wa dipatimenti, asakhale katundu wa mphunzitsi mmodzi. Pulogalamu yodalira munthu mmodzi wakhama imatha tsiku limene kalata ya transifa yafika, n'chifukwa chake timati aphunzitsi asachepere atatu ndipo ahedi kapena achiwiri awo akhale mmodzi wa alangizi.

Makolo nawo amafunika kuuzidwa zisanayambe. Mwana akafika kunyumba n'kunena kuti "masiku ano aphunzitsi sakuphunzitsa, akungotipatsa mapepala", nkhaniyo ifika kwa a PTA ndi kwa amfumu sabata yomweyo. Itanani makolo a kalasiyo, muwaonetse pepala la ntchito, tchati ndi kope la mwana, muwauze kuti silabasi ndi mayeso sizinasinthe. Kholo limene silinapite patali ndi sukulu litha kuona ngati mlangizi wasayina kapena ayi, ndipo kwa ambiri aka kadzakhala koyamba kukhala ndi njira yodziwira zimene mwana akuchita lipoti la teremu lisanabwere.

Mantha oti silabasi sitha ndi enieni, tisawapeputse. Teremu yoyamba kalasiyi imayenda pang'onopang'ono chifukwa ana akuphunzira kudziyendetsa, chinthu chimene zaka 8 za ku pulayimale sizinawaphunzitse. Masabata atatu oyamba mumakhala phokoso ndi kusokonekera, ndipo apa m'pamene ambiri amagwa ulesi n'kubwerera ku bolodi. Njira yake ndi kutenga sikimu ya chaka chonse, kugawira mitu yonse ku mapepala 18 a chakacho, ndi kulemba tsiku limene pepala lililonse liyenera kutsekedwa. Tsikulo likafika, kalasi ipite ku pepala lotsatira ngakhale ena sanafike gawo lachiwiri. Chofunika n'chakuti gawo loyamba latha. Ufulu wa mwana uli pa kusankha choyambira, liwiro lake m'kati mwa masabata awiriwo, ndi gawo limene afike. Ufulu wosiya mutu alibe.

Pomaliza teremu, kalasiyi ilembe mayeso omwewo amene sitirimu inayo ikulemba, okonzedwa ndi kuchongedwa ndi dipatimenti yonse, osati ndi aphunzitsi a pulogalamu okha. Poyerekeza musangoona avereji. Onani ana 15 amene anali pansi pa mayeso a sabata yoyamba aja kuti asuntha bwanji, onani kaundula wa kujomba, onani angati asiya sukulu m'makalasi awiriwo. Chaka chikatha popanda kusiyana kulikonse, sukulu ikhale pansi ione ngati vuto ndi mapepala, nthawi kapena njira yeniyeniyo, ndipo isachite manyazi kuisiya ngati siikuthandiza.

Pempho lathu kwa a Unduna ndi kwa mamanejala a madivishoni onse 6 a zamaphunziro ndi loti alole mwalamulo, ndi kalata, sukulu zofuna kuyesa kuti zisinthe thayimutebulo motere, pakuti ahedi ambiri amaopa kufunsidwa. Oyendera sukulu akapeza ana akugwira ntchito zosiyanasiyana m'kalasi imodzi, afunse pepala la ntchito, tchati ndi makope, asafunse pulani ya phunziro ya mphindi 40 imene siikugwirizana ndi nthawi yotereyi. A Malawi Institute of Education ku Domasi atha kutulutsa zitsanzo za mapepala a ntchito, ngakhale a mitu itatu yokha pa phunziro lililonse la Fomu 1, zoti aphunzitsi azionera. Makoleji a Domasi ndi Nalikule, pamodzi ndi mayunivesite amene amasula aphunzitsi a ku sekondale, aonjeze kulemba pepala la ntchito pa zimene wophunzira uphunzitsi amayesedwa akapita kokayeserera kuphunzitsa, monga amayesedwera pa sikimu ndi pulani ya phunziro.

Ndife,
Aphunzitsi a Masamu, Sayansi ndi Zaulimi a ku sekondale